Tsabola wa Mwawi ndi Mbale ya Adada

Mwawi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Nsungwi, ku Area 25. Ankakhala ndi Adada ndi Amama. Mwawi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Adada adye.

Adada anadwala malungo. Anamwa mankhwala onse. Malungo anathawa. Koma pothawapo, malungo anatenganso njala ya Adada.

Amama anaphika phala. Mwawi ananyamula mbale. Anagwada pafupi ndi Adada.

"Idyani, Adada," anatero Mwawi.

Adada anayang'ana mbale. Anapukusa mutu.

"M'kamwa mukuwawa, mwana wanga," anatero Adada.

Adada anakankha mbale. Mbale inabwerera yodzaza.

Amama anaphika mpunga ndi nyemba. Mwawi ananyamula mbale.

"Idyani, Adada," anatero Mwawi.

Adada analawa supuni imodzi. Anakwinya nkhope. Adada anakankha mbale. Mbale inabwerera yodzaza.

Amama anakazinga mazira. Mazira enieni, a nkhuku yachikuda! Mwawi anameza malovu njira yonse. Koma Adada anakankha mbale. Mbale inabwerera yodzaza.

Kale Adada sanali otero. Kale ankadya mpaka kunyambita zala. Ankanyamula Mwawi ndi dzanja limodzi. Ankagwira ntchito ku Kanengo. Ankanyamula mabelo a fodya paphewa. M'mawa uliwonse ankakwera njinga. Belu la njinga linkalira mpaka kumsewu.

Tsopano njinga inangoima pakhoma. Inali fumbi lokhalokha. Kangaude anamanga nyumba pa chiwongolero, wosalipira lendi.

Tsiku lina Mwawi anaona Adada atatenga msomali. Ankaboola bowo latsopano pa lamba wawo. Thalauza linali litakula. Ayi, thalauza silinakule. Adada ndiwo anachepa.

Mwawi anachita mantha. Anathamangira kwa Amama.

"Amama, kodi Adada achira?" anafunsa Mwawi.

"Achira akadya," anayankha Amama. "Munthu wosadya sanyamula belo. Sanyamula ngakhale mwana wake."

Mwawi anakhala pansi. Anaganiza, naganiza, naganiza.

*

M'khitchini munali shelefu. Pa shelefu panali tizitini ta Amama. Mwawi ankatidziwa tonse ndi mphuno.

M'kachitini koyamba munali mchere. Mchere sununkhira kanthu. M'kachitini kachiwiri munali kare, ufa wachikasu uja wonunkhira. M'kachitini kachitatu munali adyo. M'kachitini kachinayi munali jinja.

Kumapeto kunali botolo laling'ono. Linali botolo la Adada. Mwawi analitsegula. Munalibe kanthu. Munatsala fungo lokha.

M'botolomo munkakhala tsabola wa ufa. Ankhazi, alongo awo a Adada, ndiwo anabwera naye kuchokera ku Karonga. Adada ankamuthira pa nyemba. Ankamuthira pa usipa. Akanatha, akanamuthiranso mu tiyi!

"Ameneyu ndiye moto wa kwathu," ankatero Adada.

Botolo litatha, Amama anagula tsabola wina kumsika. Adada anamununkhiza. Anapukusa mutu.

"Uyu ndi wofatsa," anatero Adada. "Si wa kwathu."

Mwawi ananunkhizanso botolo lopanda kanthu lija. Kenako anamwetulira. Anagwira Amama dzanja.

"Tiyeni, Amama. Tiyeni mukaone!"

Anapita kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali chidebe chobooka. M'chidebemo munali kamtengo. Kamtengoko kanali mbwee! ndi tsabola. Tsabola wamng'onomng'ono, wofiira psu!

"Iwe!" anadabwa Amama. "Wamutenga kuti?"

"Ankhazi anasiya njere pa lichero," anatero Mwawi. "Ine ndinatola. Ndinabzala. Ndimathirira ndi madzi otsukira mbale."

Amama anaomba m'manja.

"Ndiye ndi wa ku Karonga ameneyu!"

"Ndi moto wa kwathu," anatero Mwawi. Anaima njo, manja m'chiuno.

*

"Thyola wofiira yekhayekha," anatero Amama. "Ndipo usagwire m'maso."

Mwawi anathyola. Anathyola wofiira yekhayekha. Wofiira anali yense! Pa kamtengo panatsala masamba ndi timaluwa toyera.

Mwawi anayala tsabola pa lichero. Amama anaika lichero padenga la malata. Inali nthawi ya dzuwa lamphamvu. Malata ankatentha ngati chiwaya.

Mwawi akachoka kusukulu ankafunsa, "Wauma, Amama?"

"Sanaume."

Mawa lake ankafunsanso, "Wauma, Amama?"

"Sanaume."

Adada ankangomwa tiyi. Ankaluma buledi kamodzi, n'kusiya. Mwawi ankayang'ana kudenga mpaka khosi kuwawa.

Loweruka m'mawa Amama anatsitsa lichero. Analigwedeza. Tsabola analira, tswa! tswa! tswa!

"Wauma!" anakuwa Mwawi.

"Wauma," anavomera Amama. "Ine ndikupita kumsika. Ndikagula nthochi zaziwisi ndi mafupa a ng'ombe. Lero tiphika mbalagha."

Mbalagha ndi nthochi zophika ndi msuzi. Ndi chakudya cha kwawo kwa Adada.

Amama anamanga chitenje. Anatenga basiketi. Pakhomo anatembenuka.

"Undidikire, Mwawi. Tisinja limodzi."

"Chabwino, Amama."

Amama anapita.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma Mwawi, kunena zoona, sanawaonepo maso a nkhono. Iye ndi kudikira sankamwerana madzi.

Anakhala pansi. Anaimirira. Anasuzumira kumsewu. Anakhalanso pansi. Anasuzumira kuchipinda. Adada anali mtulo. Manja awo anali owonda.

"Ndisinja ndekha," anatero Mwawi. "Amama akapeza zatha."

Amama anali ndi kamtondo kakang'ono. Kanali ka tsabola yekha. Kankakhala pamwamba pa kabati. Mwawi anaima ndi zala. Sanafikire. Anakwera pa mpando. Sanafikirebe.

Ndiye anatuluka panja.

*

Pa lendi pawo panali zitseko zinayi. Panali mpope umodzi. Panalinso mtondo umodzi waukulu. Mtondowo unali wa amake Pemphani, a khomo loyandikana nalo. Koma aliyense ankasinjiramo. Uyu mtedza, uyu chigwada, uyu chimanga.

Mwawi anayang'ana mtondo. Mtondo unali pansi pa mtengo wa papaya. Unali wokha. Munsi unali pambali pake.

"Mtondo ndi mtondo," anatero Mwawi.

Anamanga kansalu pamphuno. Anaonapo Ankhazi akuchita choncho. Anakhuthulira tsabola mumtondo. Anathira mchere pang'ono. Ananyamula munsi. Munsiwo unali wautali kuposa iye.

Gu! Gu! Gu!

Tsabola anasweka.

Gu! Gu! Gu!

Tsabola anasanduka ufa.

Kamphepo kanadutsa. Kananyamula fungo la tsabola. Pa khonde lachitatu panali a Medson, atelala. Ankapalasa makina awo, wailesi ikuimba.

"Yetsi!" anayetsemula a Medson. "Yetsi! Yetsi!"

Magalasi awo anatsetsereka mpaka kunsonga kwa mphuno.

"Chimfine ichi chachokera kuti?" anafunsa a Medson.

Galu wa pakhomo anayetsemula. Mwawi nayenso anayetsemula m'kansalu kake. Nkhuku zokha ndizo sizinasamale.

Mwawi anakokola ufa ndi supuni. Anauika m'kambale koyera. Ufawo unali wofiira, wosalala, wokongola. Anatapa ndi nsonga ya chala. Anaika palilime.

"Mayo ine!"

Anathamangira kumpope. Anamwa madzi. Anamwanso. Lilime linali panja ngati la galu. Misozi inkatsika. Koma Mwawi ankaseka.

"Ameneyu ndiye moto wa kwathu!"

Anapukuta mtondo ndi kansalu. Anasuzumiramo. Munkaoneka moyera. Anasamba m'manja ndi sopo. Anatenga kambale kake. Anapita kuseri kwa nyumba kukachotsa timakoko.

Koma tsabola ndi wochenjera. Amabisala pansi pa mtondo. Amabisala m'ming'alu. Amamatirira kunsonga kwa munsi. Kansalu sikamupeza.

*

Mwawi ali kuseri, anamva phokoso.

Gu! Gu! Gu!

Wina ankasinja. Mwawi sanasamale. Anapitiriza kuchotsa timakoko.

Kenako anamva khanda likulira. Anali Pemphani. Pemphani anali ndi mano awiri okha. Ankakonda kukoka Mwawi makutu.

"Tonthola, Pemphani, tonthola," ankatero amake. "Phala lapsa. Ndithire nsinjiro basi."

Nsinjiro!

Mwawi anasiya timakoko. Nsinjiro ndi mtedza wosinja. Mtedza amasinjira mumtondo. Ndipo mtondo pa lendi pano ndi umodzi!

Lilime la Mwawi linkayakabe. Iye ndi wamkulu, koma analira. Nanga lilime la Pemphani? Kalilime kakang'ono kaja?

Akanena, amukalipira. Akapanda kunena, Pemphani apsa m'kamwa.

Mwawi anadzambatuka. Anathamanga, kambale kali m'manja.

"Dikirani! Dikirani!"

Munsi unali utagona panjira. Mwawi sanauone. Anapunthwa. Anagwa chafufumimba. Kambale kanauluka. Kanakagwera m'matope a pampope. Ufa wonse wofiira unamwazika. Madzi anautenga. Anapita nawo mungalande.

Mwawi sanayang'ane kambale. Anadzuka, bondo likuwawa.

"Amake Pemphani, musathire!"

Amake Pemphani anali pa mbaula. Dzanja linali pamwamba pa poto. M'dzanjamo munali nsinjiro. Dzanjalo linaima.

"Watani iwe, Mwawi? Wakuthamangitsa ndani?"

Mwawi anagwada. Anayang'ana pansi.

"Ndinasinja tsabola mumtondo wanu."

"Tsabola? Mumtondo wanga? Shuwa?"

"Eya."

Amake Pemphani anayang'ana nsinjiro zawo. Zinali ndi timadontho tofiira. Analawa pang'ono. Maso anatuluka.

"Mayo! Moto! Moto weniweni!"

Anapemerera m'kamwa ndi dzanja. Pemphani anasiya kulira. Anayamba kuseka amake.

Koma amake Pemphani sanaseke.

"Iwe mwana iwe! Sudziwa kuti tsabola ali ndi mtondo wake? Mtondo waukulu ndi wa tonse. Umadyetsa ndi makanda omwe!"

"Pepani," anatero Mwawi. "Sindimadziwa."

"Nanga nsinjiro zangazi? Mwana adya chiyani?"



*

Nthawi yomweyo Amama anafika. Basiketi inali pamutu. Anaona Mwawi atagwada. Anaona matope ofiira pampope. Anamvetsa zonse.

"Ndinati chiyani, Mwawi?"

"Munati ndikudikireni."

"Unadikira?"

"Ayi, Amama."

Amama anatula basiketi. Anatembenukira kwa amake Pemphani.

"Pepani, anzanga. Mwanayu walakwa."

Amake Pemphani anapuma mozama. Anayang'ana Pemphani. Anayang'ana bondo la Mwawi.

"Walakwa ndithu," anatero. "Koma wathamanga. Wina akanangokhala duu kuseriko. Uyu wathamanga mpaka kugwa."

Amama analowa m'nyumba. Anatuluka ndi mtedza wawo. Anaupereka kwa amake Pemphani. Anatulukanso ndi gaga m'beseni.

"Wodetsa mtondo ndiye amatsuka," anatero Amama. "Sinja gaga ameneyu. Gaga amatola tsabola."

Mwawi anathira gaga mumtondo.

Gu! Gu! Gu!

Gaga anatuluka wofiirira. Mwawi anawazira nkhuku. Nkhuku zinajompha mosangalala. Nkhuku sizimva tsabola, mwayi wawo!

Anathira gaga wina.

Gu! Gu! Gu!

Anathiranso wina. Manja anawawa. Msana unawawa. Mwawi sanadandaule. Kenako anatsuka mtondo ndi sopo. Anatsukanso munsi. Anaziyanika padzuwa.

Amake Pemphani anasinja mtedza watsopano. Analawa okha kaye. Analawanso. Anagwedeza mutu.

"Zili bwino," anatero.

Pemphani anadya phala lake. Lina linalowa m'kamwa. Lina linapita m'tsitsi.

*

Tsopano Mwawi anapita pampope. Anatola kambale kake. Munali matope okhaokha. Anapita kuseri kwa nyumba. Pa kamtengo panali timaluwa toyera basi. Panalibe tsabola ngakhale mmodzi.

Apa mpamene Mwawi analira. Sanalire bondo. Sanalire kukalipiridwa. Analira mbale ya Adada.

"Ibwereranso yodzaza," anatero Mwawi.

Amama anamusisita kumutu.

"Tiphikabe, mwana wanga. Mwina adya."

Koma mawu a Amama anali otsika. Mwawi anadziwa kuti nawonso akukayika.

Anakhala pa khonde. Anapukuta misozi. Anakoka mpweya ndi mphuno. Kenako anakokanso.

Fungo lija! Linkachokera kuti?

Mwawi anatsatira mphuno yake. Inamutengera pa khomo la amake Pemphani. Pamenepo panali mbale. M'mbalemo munali nsinjiro zoyamba zija. Nsinjiro za timadontho tofiira.

Mwawi analumpha.

"Amama! Tsabola wanga sanathe! Wabisala mu nsinjiro!"

Amama anabwera. Ananunkhiza. Anayang'ana Mwawi. Nkhope yawo inawala.

Mwawi anagwada kwa amake Pemphani.

"Kodi nsinjiro izi mutaya?"

"Ndimati ndipatse nkhuku."

"Ndipatseni ine, chonde. Ndi za Adada."

Amake Pemphani anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Tenga moto wakowo. Mnzako akapsa ndevu, m'zimire. Koma lero tikuyatsa, sitikuzima!"

*

Amama anakoleza makala pa mbaula. Anatereka mafupa. Mafupa anawira, nawira, mpaka msuzi unayera.

"Moto ndi mpeni ndi zanga," anatero Amama. "Zokometsera ndi zako."

Mwawi anavala chitenje chaching'ono. Anachimanga molimba.

Amama anadzola mafuta m'manja. Mwawi nayenso anadzola. Nthochi zaziwisi zili ndi utomoni. Ukapanda kudzola mafuta, zala zimada bii. Amama anasenda nthochi. Mwawi anaziika m'madzi.

Amama anatsitsa kamtondo pa kabati. Anakapereka kwa Mwawi.

"Aka ndiye kako," anatero Amama.

Mwawi anasinja adyo. Anasinja jinja. Kamtondo kankalira mofatsa, go! go! go!

Amama anakazinga anyezi. Mafuta analira, tswaa!

"Wophika ali ndi malamulo atatu," anatero Amama. "Nunkhiza. Thira pang'ono. Lawa."

Mwawi anatenga adyo ndi jinja. Ananunkhiza. Anathira pang'ono. Fungo linadzaza khonde.

Anatenga kare. Ananunkhiza. Anathira pang'ono. Anyezi anasanduka wachikasu.

Amama anathira tomato. Anathira mafupa ndi msuzi wake. Anathira nthochi. Poto anayamba kubwata.

Mwawi anathira mchere. Analawa.

"Wachepa," anatero Mwawi.

Anathiranso pang'ono. Analawa.

"Wakwana."

"Taonani wophikayu!" anatero Amama.

Tsopano inafika nthawi ya nsinjiro. Mwawi anazisungunula ndi madzi m'kapu. Akathira zochepa, Adada samva kanthu. Akathira zambiri, palibe adye.

"Ndithire zingati, Amama?"

"Lilime lako likuuza."

Mwawi ananunkhiza. Anathira pang'ono. Anatakasa. Anadikira. Inde, Mwawi yemwe uja anadikira! Kenako analawa.

"Moto ukadali mtulo," anatero.

Anathiranso pang'ono. Anatakasa. Anadikira. Analawa.

"Wayamba kudzuka."

Anathiranso pang'ono. Msuzi unalimba. Unali wachikasu, wa timadontho tofiira. Mwawi analawa. Lilime linatentha. Koma nthochi zinkamveka. Adyo ankamveka. Mtedza unkamveka.

"Basi," anatero Mwawi. "Apa pokha."

Amama analawa. Anatseka maso. Anangomugwira Mwawi paphewa.

*

Fungo silipempha njira. Linapita pa khonde la a Medson. Makina anaima.

"Kodi kuli ukwati?" anafunsa a Medson.

Fungo linalowa m'nyumba. Linadutsa pa njinga ya fumbi. Linalowa kuchipinda.

Bedi linalira. Patapata analira, phwa, phwa, phwa. Chitseko chinatseguka. Adada anaima pakhomo. Anagwira khoma ndi dzanja limodzi. Mphuno yawo inali m'mwamba.

"Kodi Ankhazi abwera?" anafunsa Adada.

"Ayi, bambo a Mwawi," anayankha Amama. "Khalani pansi."

Adada anakhala patebulo. Mwawi anabwera ndi beseni ndi jagi. Anagwada. Anawathirira madzi m'manja. Kenako ananyamula mbale ndi manja awiri. Anayenda pang'onopang'ono. Anaiika patsogolo pa Adada.

"Idyani, Adada," anatero Mwawi.

"Tipemphere," anatero Amama.

Onse anatseka maso. Mwawi anatseka diso limodzi. Linalo linali pa mbale. Mulungu amukhululukire, linakana kutsekeka.

"Ameni."

Adada anatenga supuni. Anadula nthochi. Anaiviika mumsuzi. Anaika m'kamwa.

Anatafuna. Anasiya.

Mwawi anasiya kupuma.

Adada anatenganso supuni ina. Kenako ina. Kenako ina. Thukuta linatuluka pamphumi. Linatsika m'masaya. Mphuno inayamba kuchucha. Adada anatulutsa mpango. Anapukuta. Anapitiriza kudya.

Mwawi ankayang'ana nkhope ya Adada. Sankaphethira. Amama anamugwira dzanja pansi pa tebulo.

Kenako Adada anaika supuni pansi. Anapuma. Adada anakankha mbale.

Mtima wa Mwawi unagwa. Akankhanso! Anaweramitsa mutu. Anatambasula manja kuti atenge mbale. Anainyamula.

Mbale inali yopepuka.

Mwawi anayang'anamo. Munalibe nthochi. Munalibe msuzi. Munali fupa limodzi, loyera mbee!

"Zilipo zina?" anafunsa Adada.

Mwawi anathamangira kupoto. Ulendo uno anayang'ana pansi, sanapunthwe. Anabwera ndi mbale yodzaza. Adada anaikokera pafupi.

"Ameneyu ndiye moto wa kwathu," anatero Adada. "Wophika ndani?"

"Mwana wanu," anayankha Amama. "Anabzala yekha. Anathirira yekha. Anathira yekha. Zina zonse akuuzani amake Pemphani."

Adada anayang'ana Mwawi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ndi misozi. Mwina anali tsabola. Mwina sanali tsabola.

"Yewo, mwana wane," anatero Adada m'chinenero cha kwawo. "Zikomo, mwana wanga."

Anamukokera pafupi. Anamukhazika pamwendo. Mwendowo unali wowonda. Koma dzanja linamugwira mwamphamvu.

Mwawi anamva ngati watalika. Anamva ngati angafikire pamwamba pa kabati.

*

Amama anapakula mbale ina yaing'ono. Mwawi anapita nayo kwa amake Pemphani. Anapita nayo ataivundikira.

"Ya akulu okha," anatero Mwawi. "Pemphani asalawe."

"Adya adada ako?" anafunsa amake Pemphani.

"Adya mbale ziwiri!"

Amake Pemphani analuluta. A Medson anaomba m'manja pa khonde lawo. Nawonso analandira kambale.

Mawa lake Adada anadya. Mkuja wake anadyanso. Masaya anayamba kubwerera. Lamba anabwerera pa bowo lakale.

M'mawa wina Mwawi anamva belu. Ngiri! Ngiri! Anathamangira panja. Adada anali atapukuta njinga. Kangaude anali atasamuka.

"Kwera, wophika wanga," anatero Adada. "Ndikusiya kusukulu."

Anamunyamula ndi dzanja limodzi. Anamukhazika pa keliyala.

"Dikirani, Adada!"

Mwawi anatsika. Anatenga kapu ya madzi. Anathamangira kuseri kwa nyumba. Timaluwa toyera tija tinali titagwa. Pamalo pake panali titsabola tobiriwira. Mwawi anathirira kamtengo kake.

"Tithyola liti?" anafunsa Adada.

"Akafiira," anatero Mwawi. "Muyenera kudikira, Adada."

Amama anaseka pakhomo mpaka kugwira m'mimba. Mwawi anakwera njinga. Anagwira Adada m'chiuno. Belu linalira mpaka kumsewu.